Marenikoti a Flywell

Ku Mulanje kunalibe woimba amene sankamudziwa Flywell Namakhwa. Iyeyo sanali woimba ayi. Gitala sankaidziwa ndi pogwira pomwe, ndipo akayamba kuimba m'bafa mkazi wake Margreth ankamupempha kuti achitireko chisoni anthu oyandikana nawo. Ntchito yake inali ya lona ndi zingwe.

Kwawoko maphwando a maimbidwe amakoma pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere, pamene a m'minda ya tiyi apuma ndipo a m'tauni abwera kudzaona makolo. Koma nthawi imeneyo ndi yomwenso mvula ya ku Mulanje imagwa ngati yachita kutumidwa. Bandi inkatha kuchoka ku Blantyre masipika atadzadza lole, kumanga siteji pabwalo la mpira ku Chitakale kapena ku Limbuli, anthu n'kusefukira, kenaka chimvula n'kutsika m'phiri nyimbo yachitatu isanathe. Apa ndi pomwe pankafunika Flywell. Ankaima kuseri kwa siteji, msana ku bandi, nkhope kuphiri. Akaona mtambo wameza nsonga ya Chambe, mphepo n'kutembenuka kuyamba kununkha dothi lonyowa, ankaimba likhweru limodzi lokha. Lona linkagwera pa masipika, mawaya n'kukwezedwa pa makreti, jenereta n'kufunditsidwa, ndipo dontho loyamba linkapeza zonse zitamangidwa kale. Anthu ankavina m'matope, bandi osasiya. Ena ankati munthu ameneyu amamanga mvula. Iye ankangoseka. "Mvula siimangidwa. Chimene chimamangidwa ndi lona."

Margreth anamudziwira komweko. Anali atasiyira sukulu mu Fomu 3, akugulitsa chinanazi chodula pageti, ndipo tsiku lina mvula itamupeza, munthu wamtali wonyowa thupi lonse anamuponyera chidutswa cha lona n'kudutsa osalankhula. Chaka chisanathe anali atakwatirana.

Pa tsiku la ukwatilo mchemwali wa Flywell, a Dorcas, omwe anali namwino ku Australia, anamukokera Margreth kuseri kwa tchalitchi. Anamuuza za mchimwene wawo Lenard, mphunzitsi, amene anthu anamuseka pamsika pa nkhani ya mkazi wake. Lenard sanakalipe, sanamenye munthu. Anasesa pabwalo, anabweza khasu lomwe anabwereka, anaseweretsa ana ake tsiku lonse. M'mawa mwake anakamupeza kumunda atadzikhweza.

"Alamu," anatero a Dorcas, "amuna a kwathu njala amapirira, matenda amapirira. Chomwe sapirira n'kusekedwa. Ameneyu ndi yekhayo wanditsalira. Muzimuyang'ana."

Kuyambira tsiku limenelo Margreth anasanduka mlonda wa mwamuna wake. Mantha ake anali amodzi okha, oti tsiku lina Flywell adzatsata njira ya Lenard. Anaphunzira katafunidwe kake akakondwa ndi katafunidwe kake akakhumudwa. Ankamva ndi kaikidwe ka nsapato pakhonde kuti kunja kwayenda bwanji.

A Dorcas ndi amene anamupezera Flywell malo pa koleji yophunzitsa kusamalira okalamba ku Perth, ku Australia komweko. Banjali linatera kumayambiriro kwa Marichi 2020, mwana wawo wamkazi Sekani ali kumbuyo, asanayambe n'kuyenda komwe. M'chikwama cha Flywell, pansi pa malaya, munali zingwe zake zabuluu zisanu zomwe anakana kuzisiya. Patangotha masabata awiri kolona inatseketsa zipata za dziko. Tchalitchi chinatsekedwa, koleji inasamukira pa foni, ndipo a Dorcas, poopa kuwatengera matenda a kuchipatala, ankangosiya majumbo a zakudya pakhomo n'kubayibitsa ali m'galimoto. Banjali linatsala m'kanyumba ka khomo limodzi ku Mirrabooka, kokhala ndi galaja yopanda galimoto pambali pake. Mlendo amaphunzira dziko pocheza ndi eni ake. Iwowa analiphunzira pawindo.

Ndipo pawindopo chomwe anaona ndi mvula. Inayamba ndi mkuntho wa kumapeto kwa Meyi womwe unagwetsa mipanda mumsewu wawo, kenaka Juni yense, Julayi yense, mpaka Ogasiti. Inkabwera chopingasa kuchokera kunyanja, yozizira, ya mvumbi. Flywell, amene chifikireni ankangokhala ndwii ngati nkhuku ya chitopa, anayamba kulawirira kukaima pawindo.

"Mayi a Sekani, tabwerani muone. Uno ndi mwezi wanji?"

"Julayi."

"Julayi! Kwathu Julayi ndi kachiperoni chabe, kongonyowetsa nsidze. Ndiye ngati chiperoni cha kuno ndi chimenechi, dzinja lake lidzakhala lotani? Disembala anthu kuno ayenera kuti amapita kuntchito pa bwato."

"Mwina nyengo zawo n'zina."

"Zina bwanji? Ndaona pa mapu. Ife ndi iwowa tili mbali imodzi ya dziko. Khirisimasi kuno kumatentha ngati kwathu. Ndiye kukatentha kumabwera chiyani?"

Margreth anavomera ndi mutu. Kukatentha kumabwera mvula, zimenezo ndi mwana yemwe amadziwa.

Kenaka Flywell anayamba kumuonetsa timakanema pa foni: azungu zikwizikwi pa maphwando a maimbidwe, matope mpaka m'mawondo, aliyense atavala renikoti yopyapyala ya pulasitiki. Zoti timakanemato tinali ta ku Ulaya, kutalitali ndi kuno, palibe mwa awiriwo anazindikira. Mzungu ali m'matope ndi mzungu ali m'matope basi. Mu Seputembala malamulo atayamba kufewa, Flywell anapeza ganyu pa kampani ina yomanga masiteji ndi mipanda, ndipo kumeneko anamva kuti maphwando a kuno nawonso amachitika Disembala ndi Januwale. Anafika kunyumba nkhope ikuwala.

"Mulungu sanatiiwale, mayi. Anthu zikwi khumi pabwalo limodzi, pakati pa dzinja, opanda pobisala! Inu pageti ndi marenikoti, ine kuseri ndi lona, ngati kale lija. Koma pakamwa. Achemwali akamva, mawa tchalitchi chonse chikugulitsa marenikoti. Kapembwa akamva, ndiye kuti Lusaka yonse yamva."

Kapembwa anali mnzake wa kuntchito, wa ku Zambia, wophunzira pa yunivesite amene anali atakhala mu Perth zaka zisanu ndi ziwiri. Funso limodzi kwa iyeyo likanathetsa nkhani yonse.

Margreth sanapite patali ndi sukulu, koma maso anali nawo. Poyenda ndi Sekani kupita kusitolo anayamba kuona zinthu zosagwirizana. Maambulera omwe ankakhala pakhomo pa sitolo anachotsedwa, pamalo pake n'kuikapo zipewa zazikulu ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. M'kapinga wa anthu munayamba kutumphuka timipopi tothirira, ndipo iye anadzifunsa kuti munthu angathirire bwanji udzu mvula ili pakhomo. Mzungu wokalamba wa nyumba yoyandikana anadula nthambi zonse zoyandikira denga n'kusesa masamba ouma, ngati munthu woopa moto. Novembala anafika wopanda bingu, wopanda chule, wopanda ngumbi ndi imodzi yomwe.

Anayesako kamodzi. "Bambo a Sekani, kusitolo kuja maambulera kulibenso."

"Atha! Mwaona? Anthu ayamba kale kukonzekera. Ochedwa ndife."

Anamuyang'ana. Munthuyo anali akudya mpaka kupempha zoonjezera. Nyimbo za m'bafa zinali zitabwerera. Ankamuponya Sekani m'mwamba, mwana n'kumaseka mpaka kutsamwa. Kumuuza kuti walakwitsa mvula, chinthu chokhacho chomwe ankachidziwa pansi pano, kunali ngati kumuvula pagulu. Kawiri konse Margreth analemba uthenga wopita kwa a Dorcas, wofunsa ngati kuno Disembala kumagwa mvula. Kawiri konse anaufufuta. Anadzilimbitsa mtima kuti mwina mwamuna wake akudziwa, paja mtambo unali usanamunamizepo.

Makatoni makumi awiri anafika ku depoti ya katundu ku Kewdale mkati mwa Novembala. Zonse zomwe banjali linasunga chifikireni zinalowa mmenemo. Anawasanja m'galaja mpaka kudenga, marenikoti achikasu ndi abuluu, galaja yonse n'kumanunkha pulasitiki watsopano.

Disembala anabwera ndi thambo lopanda ndi kachigamba komwe. M'mawa uliwonse Flywell ankatuluka kukayang'ana kum'mawa, komwe kuli timapiri tonyozeka tosayenera n'kutchedwa mapiri, n'kununkhiza mphepo. Mphepoyo inkawotcha ngati wayandikira mbaula.

"Yangochedwa," ankatero. "Ngakhale kwathu zaka zina imachedwa."

Khirisimasi inadutsa. Nyuwere inadutsa. Kapinga wa m'mbali mwa msewu anasanduka udzu wofolera.

Phwando lalikulu linali Loweruka lina kumayambiriro kwa Januwale, pa paki ina pafupi ndi mtsinje. Flywell analawirira kukamanga siteji. Margreth anatsatira pa basi, Sekani kumbuyo, chikwama chodzadza marenikoti m'manja. Anaima pansi pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi geti, marenikoti achikasu atawapachika pamkono monga ankachitira ndi majumbo a chinanazi. Anthu ankadutsa ovala timakabudula, mapewa ofiira, aliyense ndi botolo la madzi, kuloza foni pa chikwangwani cha kolona pageti n'kulowa. Mkati munali anthu olembedwa ntchito yopopera madzi ovinawo kuti asakomoke. Ena ankamuyang'ana Margreth n'kumwetulira mwaulemu, ngati momwe anthu amamwetulirira wodwala mutu. Pulasitiki anayamba kumata pamkono pake.

Masana Kapembwa anatulukira ndi chipewa chake cha kuntchito, akumwa madzi.

"Ba mulamu! Mwabwela kutamba vamene timanga? Nanga ivi ni vichani?"

"Marenikoti."

"Marenikoti? Ya chani? Kuli wamene afuna kusamba na vovala?"

Flywell anali atafika kumbuyo kwake. "Mvula ikubwera, Kapembwa. Kutentha kumeneku n'kwa mvula."

Kapembwa anayang'ana kumwamba, anayang'ana Flywell, anayang'ananso kumwamba. Kenaka anakhala pansi pafumbi.

"Awe mudala. Awe! Mvula ya kuno ni ija munaona mu Juni, ndiye yamene ija, inasila! Manje kufika Epulo olo dontho. Mwagula yangati?"

Margreth anatsinzina, kupempha mumtima kuti mwamuna wake aname.

"Makatoni twente," anatero Flywell.

"Twente! Mayo ine! Ba Flywell, nenze na imwe pa nchito masiku yonse, osafunsako chabe? Muzagulisa kuli ndani, nsomba?"

Kapembwa sanali munthu woipa. Anali munthu woti chinthu choseketsa sangachidye yekha. Anajambula chithunzi, Flywell ataima pansi pa dzuwa la masana pambali pa mkazi wake ndi marenikoti achikasu, ndipo dzuwa lisanapendeke chithunzicho chinali pa gulu la pa foni la Amalawi ndi a ku Zambia a mu Perth. Wina analemba pansi pake kuti: Bambo Zanyengo. Dzina linamata pomwepo. Patapita kanthawi mlonda wa pageti anabwera kudzawauza kuti pamalopo sagulitsapo malonda popanda chilolezo. Margreth anapinda marenikoti ake onse, osagulitsapo ndi imodzi yomwe, n'kukadikira basi.

Lamlungu kutchalitchi anthu anali atawayembekezera panja.

"Bambo Zanyengo, tichape lero kapena tidikire?"

"Achimwene, mundisungireko iwiri, ndikufuna kukabzala chimanga ku Kwinana."

Flywell anaseka nawo. Margreth anaona kuti akuseka ndi mano okha. A Dorcas anamukokera pambali, maso ali ofiira.

"Alamu, inu simunaone?"

"Ndinaona."

"Ndiye osandifunsa bwanji? Foni ili m'manja!"

"Ankasangalala, alamu. Ndinaopa kumukhumudwitsa."

"Safunsa anadya phula. Nanga pano mwamupulumutsa chiyani?"

Masabata atatu otsatira Margreth anawaona akudutsa m'mbale ya mwamuna wake. Choyamba anasiya kupempha zoonjezera. Kenaka ankasiya theka. Kenaka ankangosuntha chakudya ndi zala. M'bafa munkamveka madzi okha. Pa gulu la pa foni sanatulukemo, ankawerenga nthabwala iliyonse, yatsopano ndi yakale, chala chikukwera ndi kutsika. Akaweruka ankakakhala m'galaja pakati pa makatoni, chitseko chotseka, kutentha konse kuja. Margreth ankapeza zifukwa zolowera mmenemo: tsache, beseni, mpira wa mwana.

Kumapeto kwa Januwale matenda anapezekanso mumzinda. Boma linalamula kuti aliyense abindikire m'nyumba masiku asanu, maphwando onse anaimitsidwa, ganyu ya masiteji n'kuthera pomwepo. Mvula ikakuona litsiro siikata: tsiku lotsatira moto unabuka kumapiri kuja. Iwo za motowo sanamve, paja wailesi anali atasiya kutsegula.

Lachiwiri m'mawa kunacha mwachilendo. Kuwala kunali kofiirira, dzuwa losaoneka. Margreth akumumwetsa phala Sekani anamva chitseko chikumenyetsedwa, ndi mawu omwe anali atawaiwala.

"Yabwera! Mayi a Sekani, tulukani! Ndinanena ine kuti yangochedwa!"

Anatuluka mwana ali m'manja. Kum'mawa konse kunali chimtambo chakuda bii, chachikulu kuposa chilichonse chomwe chinatsikapo m'phiri la Mulanje. Flywell anali atatsegula galaja, akukokera katoni panja, wopanda nsapato. Anaima pakati pa msewu, nkhope kumwamba, manja otambasula. Ndipo zoona, zinthu zinayamba kugwa. Zinkagwa mwakachetechete, mozungulirazungulira, pa magalimoto, pa kapinga, m'tsitsi la Sekani. Chimodzi chinatera pachikhato cha Flywell. Linali tsamba la bulugamu lathunthu, lakuda. Analikhudza ndi chala, n'kusanduka phulusa.

Anthu oyandikana nawo anali m'makonde mwawo, atavala mamasiki, akuyang'ana utsiwo. Tsopano anatembenuka kuyang'ana munthu wakuda woima pakati pa msewu ndi katoni ya marenikoti.

Flywell anatsitsa manja pang'onopang'ono. "Utsi," anatero. "Ndi fungo lomwe ndalephera kusiyanitsa."

Anabweza katoni ija m'galaja, n'kutseka bwinobwino.

Masana a tsiku lomwelo anasintha. Anadya chakudya chonse n'kuthokoza. Anasesa phulusa pakhonde ndi panjira mpaka kumsewu. Anamuonetsa Margreth pomwe pamakhala mapasipoti, nambala yotsegulira foni yake, ndi kaikidwe ka ndalama mu khadi ya basi. Anamubereka Sekani n'kuzungulira naye m'nyumba akulira ngati lole, mwana akukuwa ndi chimwemwe. Mkazi wina akanayamika Mulungu kuti bambo achira. Margreth sanayamike, chifukwa anali atauzidwa kale momwe tsiku lomaliza la Lenard linayendera. Kenaka anamuona akutulutsa zingwe zake zabuluu zija, kuzimasula, kuziyesa ndi manja, kuzikulunganso.

Flywell atalowa kukasamba, Margreth anatenga zingwe zonse zisanu n'kukaziponya pansi penipeni pa bini ya mzungu wokalamba uja. Anatenganso chingwe choyanikira zovala, malamba, ndi waya wa ayironi.

"Zingwe zanga zili kuti?" Linali funso la m'mawa mwake.

"Sindikudziwa."

Flywell anamwetulira mwachisoni, ngati munthu womvera chifundo mwana. "Musadzivute, mayi. Dziko lino zinthu sizisowa."

Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Munthu mmodzi angayang'anire mnzake mpaka liti, mwana ali kumbuyo? Flywell akalowa kuchimbudzi Margreth ankaima pachitseko kumvetsera. Akasuntha mpando, iye wadzidzimuka. Ankaphika atatembenuka chammbali, diso limodzi pa poto. Sekani anapsa chala pa ketulo mayi ake akuyang'ana kwina. Kuuza a Dorcas ankafuna, koma atauza ndiye kuti wanena poyera kuti mwamuna wake mutu sukuyenda, ndipo zimenezo zikanaposa marenikoti.

Loweruka masana mvula inagwa. Mvula yeniyeni, yamadontho akuluakulu, yomwe kwawo akanaitcha chizimalupsa. Mumsewu anthu anatuluka kuombera m'manja chifukwa moto wa kumapiri unali kuzima. Margreth anathamangira pawindo mtima uli m'mwamba.

"Bambo a Sekani, taonani! Munkanena zoona. Yagwa!"

Flywell anali atakhala pa mpando, atavala shati yoyera ya paukwati, nsapato zopolisha. "Sindinaimve ikubwera," anatero. "Ndadziwira padenga, ngati wina aliyense." Anaimirira. Foni ndi wotchi anazisiya patebulo, moyandikana bwino. "Ndikayendeko pang'ono."

"Mvula ikugwa."

"Ndaiona."

Anagwira chitseko. Chinali chokhoma. Kuyambira Lachitatu kiyi ankakhala m'kamisolo ka Margreth.

"Kiyi, mayi."

"Sindikupatsani."

M'zaka zonse za banja lawo anali asanamukanizepo kanthu. Anakhala pansi, msana pachitseko, Sekani pamiyendo, n'kuimbira a Dorcas. Mawu anatuluka okha, onse, a zingwe, a mapasipoti, a shati yoyera.

"Imbani ziro zitatu, nambala ya ambulansi, alamu," anatero a Dorcas. "Pompano. Ine ndili kutali, ndikunyamuka. Musachoke pachitsekopo."

Flywell anagwada patsogolo pake. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, mwaulemu.

"Mayi a Sekani, musatero. Za m'nyumba zimathera m'nyumba, si ndi zomwe anakulangizani? Kapembwa wandiseketsa mwezi umodzi. Inu mukaimba foni imeneyo mundiseketsa moyo wonse. Ambulansi pakhomo, masana ano, anthu onse akuona? Ndiye kuti ndathera pomwepo."

"Mukathera pomwepo mukupuma, basi."

"Kupuma n'chiyani?"

Margreth anadula foni ya a Dorcas. Anadina ziro zitatu zija. Mzimayi atayankha, Chizungu chake cha Fomu 3 chinabalalika, n'kutsala ndi mawu ochepa okha: mwamuna wanga, akufuna kufa, bwerani. Anatchula nambala ya nyumba katatu. Flywell anabwerera pa mpando, n'kukhala manja ali pamawondo mpaka ambulansi itafika.

Anabwera awiri, atavala mamasiki, olankhula mofatsa. Anacheza naye nthawi yaitali. Pomaliza anadzuka yekha n'kuwatsatira. Msewu wonse unali m'mawindo. Podutsa pakhomo anaima, osamuyang'ana mkazi wake.

"Mwandivula," anatero.

Kuchipatala anakhalako masabata atatu. Chifukwa cha kolona wodwala ankaloledwa mlendo mmodzi yekha, ndipo Flywell analembetsa dzina la a Dorcas. Atatuluka anapempha kukakhala kwa achemwali akewo, akuti kwa kanthawi. Kanthawiko sikanathebe.

Nkhani inamveka, monga momwe iye ananenera. Nthabwala za Bambo Zanyengo zinatha tsiku lomwelo, m'malo mwake munalowa zonong'ona. Kapembwa anabwera Loweruka lina ndi galimoto yobwereka, chipewa m'manja, kulephera kuyang'ana Margreth kumaso. "Ba mulamu, nenze kuseka chabe. Sininaziwe." Ananyamula makatoni onse, osanena komwe akupita nawo, ndipo Margreth sanafunse. Kutchalitchi amayi ena ankamugwira dzanja mwamphamvu osalankhula. Ena ankati mkazi wanzeru akanaitana akuluakulu a mpingo, osati kuitanira mwamuna wake azungu ngati chigawenga. Margreth anasiya kupitako. Kubwerera kumudzi sakanatha, zipata zinali zotsekabe, chaka chonse chimenecho mpaka china. Anapeza ntchito yokolopa m'maofesi masana, Sekani n'kumamusiya kwa mayi wina wa ku Congo.

Flywell amamwa mankhwala ake. Wanenepa pang'ono. Anamaliza koleji, amasambitsa nkhalamba ku nyumba ina ya okalamba, ndipo akuti amazigwira bwino. Kumwamba sayang'anakonso, kaya kuli mitambo kaya kulibe. Loweruka lililonse amabwera pa basi kudzaona mwana. Amagogoda ngati mlendo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu."

"Ndaswera."

Amakhala pakhonde ndi Sekani, amene tsopano amamuyankha m'Chizungu cha kuno. Tiyi amalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza monga munthu amathokozera kunyumba ya eni. M'nyumba salowa. Margreth amakhala chapatali, ngati akusoka, koma akuyang'ana: ngati wameta, ngati wamwa tiyi yense, ngati wasewera ndi mwana mopitirira muyeso. Tsiku lina analimba mtima.

"Bambo a Sekani, mudzabwerera liti?"

"Mwana akufunika nsapato zina," anayankha. "Izi zamuthina."

A Dorcas amati, "Ali moyo, alamu. Inu ndi amene munachita zimenezo. Zinazo zisiyeni." Margreth amavomera. Akanati abwerere pachitseko paja, akanaimbanso foniyo. Koma kudziwa zimenezo sikumufunditsa, ndipo sikumuuza choyankha Sekani akafunsa chifukwa chomwe adadi amagona kwa azakhali.

Ikakwana folo koloko Flywell amadzuka, kupukuta thalauza, kutsanzika. Margreth amaima pageti mpaka basi itamutenga. Kuchokera pamenepo kukafika kwa a Dorcas ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo panjirapo pali mlatho wodutsa pamwamba pa msewu waukulu. Amakhala pakhonde foni ili m'manja, mwana akukoka chitenje kufuna chakudya, iye osamumva. Mphindi makumi atatu zikakwana amaimba.

"Afika?"

Nthawi zina a Dorcas amachedwa kuyankha, amapita kaye kukasuzumira panja.

"Afika, alamu. Akuvula nsapato."

Pamenepo ndi pomwe Margreth amadzuka kukayatsa moto wa chakudya cha mwana.